Nyumba ya Njerwa Zosafanana

"Atate, kodi amene anamanga nyumba ino, dothi linkawathera?"

Anandifunsa choncho Mwandida, mwana wanga, ali wamng'ono woti akaima mutu wake sunkafika pa zenera. Mvula ya chaka chimenecho inali itasenda pulasitala ku khoma la kum'mawa monga mmene munthu amasendera chinangwa, ndipo mkatimo munaoneka njerwa. Sizinali za mtundu umodzi. Mzere wina unali wofiira ngati katondo, wa pamwamba pake wakuda, wina wotuwa ngati phulusa, kenako wofiiranso, kukwera choncho mpaka kudenga. Khomalo ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Ndinamuyankha kuti sindikudziwa.

Nyumbayo sinali yathu. Tinaipeza pa mphambano chaka chimene anamwalira amayi ake a Mwandida, ine ndikuyenda ndi mwana paphewa osadziwa kumene ndikupita. Inali yaikulu, ya malata a dzimbiri, ndipo chitseko chake chinali chotambalala kuposa zitseko zonse zimene ndinazionapo. Anthu a pamphambanopo anali obwera okhaokha, anachita kutsata msewu utalambulidwa. Wina ankati kale inali golosale, wina ankati ankasungiramo fodya. Za kuseri kwa golosale ndi fodya panalibe ankadziwa.

Amene anatitsegulira anali a Likongwe, a nyumba yoyandikana nayo. Malo onsewo anawasiyira ndi atsibweni awo, amene anamwalira a Likongwe atangofika kuchokera ku minda ya tiyi kumene anakulira. Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wosadziwa kukhala pansi.

"Khalanimo, aneba," anatero tsiku loyambalo. "Muzindiingitsira mileme. Koma ndikuuziranitu, nyumba yopanda mwini ndi mulu wa njerwa. Tsiku lina ndidzaifuna."

Pulasitala atagwa, tsiku lina lija linayandikira. A Likongwe anabwera ndi piki paphewa, anagogoda khomalo ndi mpini, ndipo njerwa zinalira ngati chitsulo.

"Mwamva? Za masiku ano zimalira chonchi? Apa pakhala chigayo changa, aneba. Njerwa zake ndi zomwezi, malo ake ndi omwewa."

"Nanga mwini wake akadzabwera?"

"Mwini wake ndani? Mubwere naye. Osati nthano za pabawo ayi. Munthu wa pakamwa pake, aime apa, anene kuti khoma ili ndi langa. Akatero, piki uyu ndikamuponya kudambo."

Sindinawaone ngati munthu woipa. Anali ndi ana ambiri ndi munda waung'ono, ndipo amayi a pamphambano ankaoloka mtsinje kukagayitsa. Koma ine ndi mwana tinalibe kwina, ndipo m'nyumba imeneyo ndi mmene Mwandida anasiyira kulira amayi ake. Anthu atakolola ndinamusiya m'manja mwa akazi awo a Likongwe. Pa ngodya ya khitchini pamene panali patagumuka ndinatolapo njerwa zitatu, yofiira, yakuda ndi yotuwa. Ndinasankha zimene zinali ndi timabala pankhope, poganiza kuti woziumba sangavutike kuzizindikira. Ndinaziika m'thumba, n'kunyamuka.

Ndinatsata yofiira poyamba. Ndinayenda kumene nthaka inkafiirira, mpaka fumbi la kumapazi kwanga linafanana ndi katundu wa kumsana. Mudziwo unali m'tsinde mwa phiri, ndipo amuna ake onse anali oumba njerwa. Dzina sanandifunse. Anandipatsa khasu, nati mlendo wa mafunso ayambe waponda dothi. Ndinaponda chilimwe chonse. Ndinaphunzira kuti dothi limayamba lagona lisanalowe m'chikombole, kuti chikombole chimamwa madzi n'kudya mchenga kuti njerwa ituluke yosang'ambika, ndiponso kuti njerwa yaiwisi imaopa dzuwa la masana, n'chifukwa chake amaifunditsa udzu ngati wodwala.

Mapazi anga atang'aluka, mkulu wa oumbawo anavomera kuona katundu wanga. Anaitembenuza njerwa ija, anainunkhiza, anaikanda ndi chikhadabo.

"Ili ndi dothi la pachulu chathu. Chikombole chake n'cha malemu atate. Onani pangodyapa, chinali chopindika."

"Nanga inafika bwanji kumphambano?"

"Pamutu. Ndili mwana ndinkawaona atate akulawirira ndi njerwa pankhata, lero ulendo, mawa ulendo, mpaka khosi linatupa."

"Ankamangira yani?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mkamwini amafunsa? Apongozi anati senza, iwo anasenza."

Pankhope pa njerwayo panali timizere tating'ono tondondozana, ngati mano a chipeso. Nditafunsa, mkuluyo anati inaponda nkhuku. Chapafupi panali mayi wina wachikulire akusinja. Ataona njerwayo munsi unaima m'mwamba. Anayang'ana njerwa, anayang'ana ine, kenako munsi unatsika, napitiriza kusinja. Ine makutu anga anali kwa amuna.

Ndinabwerera mitambo itayamba kusonkhana. Khitchini panalibe, panangotsala bwalo losesedwa bwino. A Likongwe anali atawerama pamwala, akunola piki.

"Mwapeza, aneba?"

"Ndapeza dothi. Mwini wake ayi."

"Dothi ndili nalo kale," anatero, n'kuseka.

Chaka chimenecho ndinawaumbira njerwa zambiri ndi luso langa latsopano, kuti nyumba aisiye kaye. Anazilandira, anazigogoda, anapukusa mutu. Anati sizikulira.

Anthu atakololanso ndinatsata yakuda. Inanditengera ku tauni ya m'mbali mwa dambo, kumene mauvuni ankafuka chaka chonse ndipo mbuzi zoyera zinali zosowa. Kumeneko ndinakhala wowotcha. Ndinaphunzira kusanja njerwa mosiya njira za moto, kumata uvuni ndi matope kuti usapume paliponse, ndi kuyamba ndi moto waulesi wongotulutsa utsi, chifukwa njerwa ikadzidzimutsidwa imaphulika. Moto waukulu umabwera pambuyo, utsi ukasiya kuyera. Munthu wopupuluma sawotcha njerwa, amawotcha nkhuni.

Owotchawo anaizindikira njerwa yanga asanaigwire n'komwe. Anati ndi makande a dambo lawo. Koma za nyumba anagawikana. Mmodzi anati inali thangata, njerwazo ankaperekera mzungu wina wa fodya. Mnzake anati bodza, chinali tchalitchi chimene chinalephereka. Anakangana kuyambira pauvuni mpaka pabawo, ndipo pamapeto pake ankakangana za ngongole ya mowa ya agogo awo, nyumba ataiiwala.

Pamenepo panali mayi wogulitsa thobwa. Njerwa inali pansi, pafupi ndi ndowa yake. Inali ndi kadzenje kozungulira, ngati pamene panadindidwa mkanda. Mayiyo anaika chala chake mu kadzenjeko, n'kuchisiya momwemo.

"Mwaitenga kuti iyi, bambo?"

Ndinamuuza. Anatsegula pakamwa, anayang'ana amuna a pabawo, anatsekanso.

"Imwani msanga," anatero. "Chikho ndikuchifuna."

Nditabwerera, khonde panalibe. Kuseri kwa nyumba ya a Likongwe kunali khola la nkhumba latsopano, makoma ake a mizeremizere. Mwandida tsopano ankasuzumira pa zenera osanyang'ama.

"Mwapeza, aneba?"

"Ndapeza moto."

"Moto uli kukhitchini kwa mayi a kunyumba," anatero. Koma ulendo uno sanaseke kwambiri. "Musandione ngati mfiti. Zaka zikupita, ana akukula, nanenso msana wayamba kundilankhula."

Ndinawawotchera uvuni wathunthu. Anati izi zikulira pang'ono, ndipo nyumba inaonanso mvula ina. M'dzinja limenelo, poti tsopano ndinali ndi maso a wowotcha, ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Khoma la mkati, logawa zipinda, limene ndinkatsamiritsako mutu pogona, silinali la njerwa zowotcha. Linali la zidina zokhazokha, zosaona moto, nazonso za mitundumitundu. Ndinangoti omangawo nkhuni zinawathera.

Yotuwa inandiyendetsa zaka zimene sindingaziwerenge. Ndinkachoka anthu akakolola, ndinkabwerera mvula ikanunkhira, ndipo njira zinayamba kufanana ngati kuti ndikuyenda m'maloto a munthu wina. Mudzi uliwonse unali ndi mtengo wa amuna, ndipo pansi pa mtengo uliwonse panali yankho lina. Ena anati inali ndende. Ena anati inali ya sing'anga wotchuka amene anamezedwa ndi nthaka. Mu tauni ina, imene sitima inasiya kuimamo, ndinkakhoma zidebe masana, madzulo n'kumapita ku sukulu yausiku, poganiza kuti mwina nyumbayo inalembedwa penapake. Kuwerenga ndinaphunzira, ndipo sindidandaula, koma nyumba ya pamphambano m'mabuku munalibe. Nthawi iliyonse ndikabwerera ndinkapeza china chachoka, kaya zenera, kaya kachipinda ka kuseri, ndipo nthawi iliyonse ndinkagula chaka china ndi ntchito ya manja anga.

Kumapeto ndinafika pa mtunda wa dothi lotuwa, kwa mmisiri wopala matabwa. Ndinamugwirira macheka nyengo yonse. Anandiphunzitsa kuti thabwa umalipala motsata kumene mtengo unkakulira, ukalipala mobwerera limakwiya. Za njerwa anati sadziwa, koma nditamufotokozera kukula kwa chitseko anaika pansi chopalira.

"Chitseko chotero amapanga kuti padutse anthu awiri atanyamula wachitatu."

"Wamoyo kapena wakufa?"

"Ine ndimapala matabwa, achimwene. Zimenezo sindifunsa."

Mkazi wake ankasesa zopalidwa pakhomo. Anaseka mwadzidzidzi, n'kutseka pakamwa ndi nsalu, n'kulowa m'nyumba. Ndinayesa kuti akuseka nsapato zanga.

Ulendo umenewo ndinabwerera ndi mtima wolemera. Ndinkaganiza kuti mwina zaka zonsezi ndakhala ndikulondera nyumba ya maliro, ndipo mwini wake sangabwere chifukwa eni ake onse analowamo atanyamulidwa. Pamwala paja panalibe munthu. Pabwalo pa a Likongwe panali chinthu chachikulu chofunditsidwa lona, chonunkha mafuta.

"Sindikufunsaninso, aneba," anatero a Likongwe, maso ali pansi. "Injini ndi imeneyo. Anthu akangokolola tiyamba ndi denga. Inu ndi mwana mudzakhale kaye kwathu, sindingakuponyeni pamsewu."

Mwandida sanalinso mwana. Anali atakwatiwa ndi mnyamata wofatsa wogwira ntchito ya misewu kutali, ndipo anali ndi pakati. Tsiku lina tikupalira anaima, n'kutsamira khasu.

"Atate, zaka zonsezi mumafunsa yani?"

"Aliyense."

"Aliyense wa thalauza," anatero. "Chiyambire kuoneka mimbayi, amayi a kuchitsime ayamba kundiuza zinthu zimene ndakhala nawo zaka zonsezi osandiuza. Pali nkhani zimene sizituluka mwamuna ali pomwepo. Chimanga chikangouma mundiperekeze ku mudzi wofiira uja. Thumba munyamule inu, pakamwa mundisiyire ine."

Tinayenda pang'onopang'ono, tikupuma pa mthunzi uliwonse. Mudzi wa m'tsinde mwa phiri unali momwe ndinausiyira, amuna ali m'matope mpaka m'mawondo. Mayi wa pamtondo uja tinamupeza atakhala pakhonde akutongola chimanga, tsitsi litayera lonse. Dzina lake anali Nangondo. Mwandida anagwada, anatulutsa njerwa yofiira, anaiika patsogolo pake. Nangondo anayang'ana njerwa, anayang'ana mimba.

"Iwe, lowa m'nyumba," anatero. "Inu bambo khalani pamenepo, muziwerenga nkhuku."

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango. Amayi anayamba kubwera mmodzimmodzi, wina ndi mwana kumbuyo, wina manja ali ndi ufa, onse n'kumalowa m'nyumba ija osandipatsa moni. Ndinamva kuseka. Ndinamva nyimbo imene sindinaimvepo pa ukwati kapena pa maliro. Kenako kunakhala chete kwautali, ndipo pambuyo pa chetepo kunabuka nthungululu yoti oumba njerwa anaimika makasu.

Nangondo anatuluka dzuwa litapendeka, n'kuima patsogolo panga manja ali m'chiuno.

"Ndakukumbukani inu. Munabwera kuno chaka chija, chipeso changa chili m'manja mwanu, n'kumafunsa amuna. Akuti inaponda nkhuku! Za m'chikuta mwamuna angazidziwire kuti? Nanga ine ndikanayamba bwanji kukuuzani, mlendo wamwamuna, akamwini ali pomwepo? Mukanabwera ndi mkazi, mukanabwerera tsiku lomwelo."

"Mkazi wanga anali atamwalira, mayi."

Anachotsa manja m'chiuno. "Ndiye mwalera bwino," anatero. "Mwadzilerera pakamwa."

Nkhaniyo Mwandida anandiuza m'njira. Anayamba ndi kunena kuti zina sandiuza, si zanga, ndipo sindinamukakamize. Nyumba ija inali ya Nazimbiri, mzamba. Sanali wa mudzi umodzi. Kwa iye kunkapita amayi amene azamba a kwawo awalephera, atanyamulidwa pa machila, n'chifukwa chake anakhala pa mphambano ndipo chitseko chinali chotambalala. Anayamba ndi kanyumba ka udzu kodontha. Nkhuku ankakana, nsalu ankakana. Ankati mayi akachira, mwana n'kutuluka m'chikuta wamoyo, bambo ake abweretse njerwa zowotcha za dothi la kwawo, zokwana mzere umodzi kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya. Njerwa imodzi ikadali yaiwisi, mayi wa mwanayo ankadindapo chinthu chake, kaya chipeso, kaya mkanda, kaya ndolo. Amuna ankangouzidwa ndi apongozi kuti senzani. Mzere uliwonse unali mwana.

"Nanga zidina za mkati zija?" ndinafunsa.

Mwandida anatsitsa mawu.

"Amenewo ndi amene anabwerera, atate. Mwana akapanda kulira, amayi okhaokha ankaumba chidina chimodzi, osachiwotcha, n'kukachiika mkati mosafika mvula."

Zaka zonse zija ndinkagona mutu nditatsamira pamenepo.

Nazimbiri atamwalira kunamangidwa chipatala kuboma, wamalonda wina anapaka pulasitala makoma onse, ndipo midzi inasuntha. Amayi sanaiwale. Ankangoyesa kuti nyumbayo inagwa kalekale. Tisanachoke, Nangondo anafunsa tsiku limene a Likongwe akufuna kuyamba. Ndinati ndibwerera ndidzawatenge, nanga munthu mmodzi wa pakamwa pake ndiye ankafunika. Anandiyang'ana ngati mwana.

"Pitani kwanu. Uthenga wa amayi suyenda pamsewu. Umayenda pachitsime."

Tsikulo kunacha bwino. A Likongwe anabwera ndi aganyu, makwerero anatsamiritsidwa, ndipo mnyamata mmodzi anali atakwera kale padenga ndi chozulira misomali. Katundu wathu anali panja. Ndinawauza a Likongwe kuti mwini wake akubwera, iwo anangoti, "Aneba, tisavutane lero."

Oyamba anatulukira ku njira ya kuphiri, fumbi lofiira lili kumapazi, Nangondo ali pa ngolo ngati mkwatibwi. Tisanathe kuwalonjera, ku njira ya kudambo kunamveka nyimbo, ndipo ndinamuzindikira mayi wa thobwa uja akutsogolera. Ku mtunda wotuwa kunabwera ena, mkazi wa mmisiri ali pakati pawo, ulendo uno akuseka osatseka pakamwa. Njira zonse za pamphambano zinadzaza. Amayi okalamba ankakoka ana awo, ana a imvi, wina wa tayi, wina wa ndodo, wina atasiya njinga ya makala m'mbali mwa msewu osadziwa chimene amuitanira.

Sanapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Anazungulira nyumba, n'kuyamba kusenda pulasitala wotsala ndi makasu, ndi miyala, ndi zala. Mizere inkatuluka umodziumodzi, ndipo amayi ankaiwerenga ngati mmene ine ndinaphunzirira kuwerenga buku.

"Mkanda uwu ndi wa malemu achemwali!" anafuula mayi mmodzi, akukoka bambo wa tayi uja. "Iwe, bwera kuno, gwira apa. Uwu ndiwe."

"Ine? Khoma?"

"Iwe amene. Unatuluka ndi miyendo, unatsala pang'ono kupha amako. Gwira!"

Bambo wa tayi uja anagwira mzere wakuda ndi manja onse awiri, ndipo sanausiyenso. Wina anapeza wake pansi penipeni, anagwada m'fumbi. Wina wake unali pamwamba, anabwereka makwerero a aganyu. Mnyamata wa padenga anatsika yekha, chifukwa agogo ake anali pansi akumutchula dzina ndi kumulonjeza zoopsa. Kulikonse kunkamveka mawu amodzimodzi, uwu ndi wanga, uwu ndi wa mlongo wanga, uwu ndi wa atate.

A Likongwe anaima pakati pa bwalo, piki ali m'manja, akutembenukira uku ndi uku.

"Aneba!" anakuwa. "Ndinati munthu mmodzi, osati msika!"

Anthu anaseka. Nangondo anatsika pa ngolo, anayenda mpaka pamene anaima.

"Wa piki iwe, ndiwe mwana wa yani?"

"Mayi anga anali a Nachisale. Anamwalira ndisanadziwe nkhope yawo, ndinakulira kwa abambo."

"Nachisale wa chigwinjiri cha mkuwa?" Nangondo anaomba m'manja kamodzi. "Tinagona mphasa zoyandikana m'nyumba imeneyi, ine ndi woyamba wanga, iye ndi iwe. Unali ndi mawu aakulu kuyambira tsiku lomwelo. Tiye ndikuonetse, mzere wako uli pakhonde."

Anatembenuka kufuna khonde. Panali bwalo. Anthu onse anakhala chete, ndipo m'chetemo munamveka nkhumba.

Maso a Likongwe anapita okha kuseri kwa nyumba yawo. Khamu lonse linatsata masowo. Nangondo anazungulira khola lija akusisita njerwa, mpaka anaima pamene nkhumba yaikulu inkadzikanda. Anaiingitsa ndi ndodo. Pa njerwa yotuwa, yosalala chifukwa cha kukhulidwa, panali chizindikiro chozungulira cha chigwinjiri.

"Taonani mwana wa mnzanga!" anafuula. "Ena amapereka gaga ku nkhumba, uyu anadzipereka yekha!"

Kuseka kwake kunamveka mpaka kumtsinje. A Likongwe nawonso anaseka, koma maso sanachoke pa njerwayo. Nangondo anadikira phokoso lithe, kenako anawagwira padzanja ngati kamwana, n'kupita nawo m'nyumba, pa chitseko chotambalala chija. Anandikodola kuti nanenso ndibwere. Pa khoma la mkati anafufuza kwa kanthawi, akupukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje, mpaka anapeza chidina chotuwa. Chinali ndi chigwinjiri chomwecho.

"Munabwera awiri," anatero motsitsa mawu. "Mnzako anali wamkazi. Sanalire. Amuna sauzidwa zimenezi, koma iwe wamunyamulira piki mlongo wako, ndiye umve."

A Likongwe anakhala pansi, pa dothi, munthu amene sindinamuonepo atakhala. Anaika chikhatho pa chidinacho. Tinawasiya okha.

Atatuluka anapita molunjika kwa aganyu, anawauza kuti achotse makwerero, misomali imene yazulidwa aibwezere. Nthungululu inayambira pakhomo n'kufalikira njira zonse zinayi. Anthu anavina pamene panali khitchini, anavina pamene panali khonde, Nangondo anavina atagwira ngolo. Oumba a m'tsinde mwa phiri, atamva kuti chigayo chasowa njerwa, anati chimangidwe kutsidya kwa msewu, njerwa abweretsa iwo, bola akazi awo azigayitsa osaima pamzere. Owotcha a kudambo anati nkhuni ndi zawo, ndipo pomwepo anayambanso kukangana kuti ndani ananena zoona chaka chija. Mwandida anabwezera katundu wathu m'nyumba, amayi osawadziwa akulimbirana kumulanda mitolo kuti asanyamule zolemera.

M'mawa mwake ndinawapeza a Likongwe kukhola. Nkhumba anali atazimangirira ku mtengo. Ankachotsa njerwa imodziimodzi ndi manja, n'kumaitsuka mu ndowa, n'kumaisanja pa udzu potsata mtundu wake. Ndinavula malaya, ndinayamba kuwalandira. Tinagwira ntchito mpaka dzuwa linakwera.

"Aneba," anatero kenako, osadzutsa mutu. "Mwandida akachilira kuchipatala, eti?"

"Kuchipatala, inde."

"Chabwino. Koma mzere wa mwanayo udzakhalepo. Khonde tikamalibwezera tisiye malo pamwamba." Anapukuta manja pa thalauza. "Inu kwanu kulibe dothi, munabwera ndi mwana paphewa. Lidzachokera pa chulu cha m'munda mwanga. Ndidzakumba ine, ndidzasenza ine. Pamutu, osati pa wilibala."

"Khosi lidzatupa."

"Litupe. Inu mudzaumbe ndi kuwotcha, koma zidzalire, aneba, osati zija munkandinamiza nazo."

"Zidzalira."

"China. Ine ndikadzatsogola, ana anga ndimawadziwa, anatengera ine. Akadzabwera ndi maganizo a chigayo chachiwiri, musadzakangane nawo. Mudzangowagwira padzanja, mudzapite nawo m'chipinda chija."

"Ndidzapita nawo," ndinatero. "Ndikadzatsogola ine, inu mudzatsegulire aliyense wobwera kudzafuna mzere wake, ngakhale atafika nthawi ya kumunda."

"Ndidzatsegula."

Anatambasula dzanja, lili ndi matope mpaka m'chigongono, ndipo ndinalilandira ndi langa.